Ulendo wa ku Chisamba, kukaona makina aulimi

Lachiwiri, Chipata

Ndanyamuka ku Mitundu kusanache, ndipo pano ndili ku Chipata, m'kachipinda ka panyumba yogona alendo pafupi ndi depoti. Ndikupita ku Chisamba, kumpoto kwa Lusaka, kukaona chionetsero cha zaulimi cha Agritech Expo. Chimachitika mu Epulo pamalo a GART, bungwe lofufuza zaulimi la Golden Valley, ndipo chinayamba mu 2014. Ubwino wake ndi woti makina sangowaimika pamzere ayi, amawalowetsa m'munda n'kumagwira ntchito anthu akuona.

Ndalama ya ulendowu theka ndi yanga, theka yachokera ku kalabu yathu. Timalima mtedza, soya ndi chimanga, ndipo ambiri tili ndi madimba m'mbali mwa dambo. Mu banki mkhonde mwasonkhana kangachepe, ndiye mkangano wabuka woti tigule chiyani. Amayi apampando akufuna makina oswera mtedza, akuti zala zawo zatha. Anyamata akuti droni, kandege kouluka popanda munthu m'kati, poti anaiona pa Facebook. Madala ena akuti zonsezo n'zamasewera, tigule feteleza basi. Poti mlembi ndine, komanso ndili ndi alamu ku Lusaka koti n'kugonako, anangoti pitani mukaone ndi maso, mudzatiuze.

Minibasi ya ku Mchinji itadutsa pamalo ofufuzira mbewu a Chitedze ndinakumbuka kuti mtedza wa CG7 umene uli m'munda mwangamu unatuluka mu 1990, ndipo nthawi imeneyo nawo unali luso latsopano lomwe agogo ankalikayikira, ati wofiira chonchi angafanane ndi Chalimbana? Kuno ku Zambia mtedza womwewo amautcha MGV4, ndipo malo awo ofufuzira mbewu a Msekera ali konkuno ku Chipata.

Pachipata cha Mwami sitinachedwe. Kuyambira Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali m'nyumba imodzi, ndiye mumadinditsa kutuluka ndi kulowa pamalo amodzimodzi. Chomwe chinandipweteka mtima n'kusintha ndalama. Ndinapereka mpukutu, ndinalandira timapepala tochepa.

Lachitatu, Lusaka

Basi yanyamuka mbandakucha. Kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndiye tsiku lonse lathera pampando.

Pakati pa Katete ndi Petauke minda ndi yotakasuka kuposa yathu, ndipo ng'ombe zapagoli zili paliponse. Mpendadzuwa ndi soya ndi zambiri. Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi, mlimi wa cha ku Petauke, atamva komwe ndikupita anaseka.

"Mukukaona zinthu za azungu, bambo. Ife makina athu ndi ripa."

Ndinawafunsa kuti andilongosolere. Ripa ndi chitsulo chosongoka chomwe amamangirira pa pulawo yomwe ija ya ng'ombe, atachotsa khasu lotembenuza dothi. Amaitcha ya Magoye chifukwa inakonzedwera ku Magoye, kumwera kwa dziko lino. Siitembenuza munda wonse, imangong'amba kamzere kakuya pomwe mbewu idzagwere. Ntchitoyi amagwira m'chilimwe dothi lili louma, ndiye mvula yoyamba ikangogwa iwo n'kubzala, pomwe anzawo akudikira kuti nthaka ifewe kuti ayambe kugalauza. Chaka chotsatira amang'ambanso mzere womwewo, kotero manyowa ndi feteleza wotsalira sizitayika. Vuto lake ndi udzu, anatero mayiwo. Ukapanda kupopera mankhwala kapena kupalira msanga, munda umasanduka tchire.

Nkhani yathu inafika pa chilala cha 2024, monga zimakhalira alimi akakumana masiku ano. Kuno President Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi kumapeto kwa Febuluwale, kwathu a Chakwera analengeza mu Malichi m'maboma 23 mwa 28. Mayiwo anati chimanga cha m'mizere yong'amba chinalimbako masiku angapo kuposa cha oyandikana nawo, koma pamapeto pake nacho chinapsa. Sanafune kundinamiza, ndipo ndinawalemekeza pa chimenecho.

Ku Nyimba nthochi zinalowa pazenera. Kenako mapiri, msewu wokhotakhota, kutentha, mpaka pa mlatho wa Luangwa pomwe basi inaima ndipo fungo la nsomba zouma linadzaza ponseponse. Alamu anandichingamira pa depoti ya Intercity dzuwa litapendeka. Iwo ndi makaniko, ali ndi kagalaji ku Chawama, ndipo ati atseka masiku awiri kuti tipitire limodzi. Achemwali sanakondwe nazo.

Lachinayi, Chisamba

Tanyamuka m'mawa pa kagalimoto ka alamu, kudzera Great North Road. Mukangopitirira makomboni a Lusaka dziko limasintha: mipanda yawaya, minda yopanda malire ooneka, nkhokwe zachitsulo zazitali. Dera lino ndi la mafamu akuluakulu, ndipo Zambeef ili ndi famu yake ya Huntley konkuno.

Lero tinayamba ndi zikuluzikulu, kuti mtima ukhale pansi.

Choyamba ndi pivoti, mpope wautali woyenda pa matayala umene umazungulira pamalo amodzi uku ukuwaza madzi. Anaupeka ndi mlimi wina wa ku America, Frank Zybach, ndipo boma lawo linamupatsa chiphaso cha luso lakelo mu 1952. Mnyamata wofotokoza anati wotalika mamita 400 umathirira mahekitala 50. Ndinawerengera mumtima: kwathu mabanja ambiri safika ndi hekitala imodzi yomwe, ndiye bwalo limodzi limeneli ndi minda ya mudzi wathunthu, kuphatikiza manda ndi bwalo la mpira. Tirigu wa ku Zambia amalimidwa m'nyengo yozizira pansi pa mipope yotereyi, kuno ku Chisamba, ku Mkushi ndi ku Mazabuka. Koma nawo eni ake ali ndi misozi yawo. Madzi atatsika m'damu lopangira magetsi la Kariba mu 2024 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo pivoti yopanda magetsi ndi chitsulo chabe. N'chifukwa chake pafupifupi aliyense wogulitsa mipope pano akugulitsanso masola.

Kenako thirakitala yodziwongola yokha. Dalaivala anakhala m'kati manja atapinda, iyo ikutsata mzere ndi GPS, osaphonya kupitirira masentimita owerengeka. Makina obzalira amene imakoka amadziwa pomwe abzala kale, sabwereza. Anthu anaomba m'manja, inenso ndinaomba. Alamu sanaombe. Anazungulira, anasuzumira ku injini, kenako anafunsa wogulitsa uja kuti, "Bwana, ikazima pakati pa munda, ndingaitsegule ine?" Yankho linali loti amabwera amisiri a kampani ndi kompyuta. Alamu anangogwedeza mutu. Tikuchoka anandiuza kuti, "Alamu, chilichonse muone pano muzifunsa zinthu ziwiri: chikafa akonza ndani, ndipo sipeya wake ali kuti." Ndalemba mawu amenewo pachikuto cha kope langa.

Masana kunali droni, yomwe anyamata a kwathu anandituma. Ndi yaikulu kuposa momwe imaonekera pafoni. Ya mtundu wa DJI Agras T40 imanyamula malita 40, pomwe sipuleya yathu yapamsana imalowa 16. Inanyamuka ndi phokoso, n'kuyamba kuyenda mizere yake yokha pamwamba pa chimanga, mphepo ya mapiko ake ikukankhira mankhwala pansi pa masamba. Gawo lomwe munthu angathere m'mawa wonse iyo inamaliza ndisanathe botolo la madzi. Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe sindingaitsutse nacho: amene anapoperapo chimanga chofika m'mapewa amadziwa momwe malaya amanyowera ndi mankhwala, mutu n'kumawawa usiku wonse. Ndi droni munthu amaima patali.

Koma batire lake limatha m'mphindi zochepa, ndiye pamafunika angapo ndi jenereta yotchajira m'munda momwemo. Woiulutsa amayenera kukhala ndi chiphaso cha a zandege. Ndiponso taganizani munda wa amayi anga: chimanga, nyemba, maungu, therere, mitengo ya mango iwiri pakati, m'malire muli mtedza wa oyandikana nawo. Droni ipopera chiyani, isiya chiyani? Nanga mawa lake akapita kukatchola nkhwani? Mbozi zija zinatipeza cha m'ma 2017 zimabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, n'chifukwa chake amayi amathira dothi kapena msuzi wa usipa m'phata lililonse ndi manja, kuti nyerere zibwere. Si njira yapamwamba, koma imalunjika pomwe pali mbozi.

Anyamata asandikwiyire. Luso limeneli kwathu lilipo kale: njira yoyesera madroni inatsegulidwa ku Kasungu mu 2017, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba mu 2020. Mnyamata ataphunzira n'kumapopera mwa ganyu m'minda ya nzimbe kapena m'masikimu a mpunga, pomwe mbewu ndi imodzi ndipo minda ndi yolumikizana, angadye bwino. Koma kalabu ngati yathu kugula yakeyake, ayi.

Lachisanu, Chisamba

Lero ndiye linali tsiku langa. Tinapita kumbali komwe kuli timatenti ting'onoting'ono, komwe mabwana a zipewa zazikulu sachedwako.

Ndathera m'mawa wonse pa mapampu a sola. Kwathu tinayamba ndi keni, kenako kunabwera matredo pampu aja m'zaka za m'ma 2000, amene ambiri ali kuseri kwa nyumba chifukwa timalabala tam'kati tinatha ndipo miyendo inatopa. Amene anapeza ndalama anagula a injini ya petulo, ndipo onse amadziwa zomwe zimachitika mafuta akasowa, tomato ali pa maluwa. Ndiye pampu yoyendera dzuwa siifuna kuti wina akulalikire. Miyezi yomwe dimba limafuna madzi kwambiri, Seputembala ndi Okutobala, ndi yomwenso dzuwa limaswa mtengo.

Mtsikana wina wogulitsa, wodekha bwino, anandiphunzitsa zomwe ndikanalipira sukulu. Mapampu alipo amitundu iwiri. Ena amakhala kumtunda n'kumayamwa madzi ndi paipi, ena amawamiza m'chitsime momwemo n'kumakankha madzi kupita kumwamba. Oyamwawo, kaya ndi okwera mtengo bwanji, sangakoke madzi amene ali pansi kupitirira mamita 7 kapena kuyandikira pamenepo. Si vuto la kampani, ndi mmene mpweya umakankhira madzi m'paipi. Choncho anandifunsa: "Atate, madzi a m'chitsime chanu amakhala pati mu Okutobala? Osati pano mvula itangotha kumene." Anafunsanso mtunda wochoka pachitsime kukafika kumunda, ndi kukwera kwake. Wogulitsa amene sakufunsa mafunso atatu amenewa, anatero, akungofuna ndalama yanu.

Anandilangizanso kuti m'malo mogula mabatire, ndi bwino kumanga thanki pamwamba. Pampu izidzaza masana, madzulo madzi azitsika okha. Pa mapaipi odontheza madzi pa phata lililonse anati amasunga madzi kwambiri, koma madzi a m'dambo ali ndi matope, ndiye popanda sefa yotsukidwa pafupipafupi timabowo timatsekeka nyengo isanathe. Alamu anatsegula pampu imodzi yapamtunda ndi sipanala wamba, n'kupeza lamba, pisitoni ndi timalabala. Nkhope yawo inawala. "Iyi ngakhale wokonza njinga pa Mitundu aikonza."

Zomwe mtsikanayo sananene ndi ziwiri, ndipo ndi za kwathu. Sola yosiyidwa kudimba usiku siiona m'mawa, ndiye iyenera kukhala yonyamulika pa njinga. Chachiwiri ndi madzi enieniwo. Keni imatopetsa, ndipo kutopako ndi komwe kwakhala kukuteteza dambo lathu. Tsiku lomwe aliyense wa kumtunda adzakhale ndi pampu yosatopa, a kumunsi adzapita kwa amfumu.

Titadya nsima ndi nyama yootcha tinakaona kathirakitala ka matayala awiri, koyenda nako pambuyo utagwira zigwiriro. Injini yake ndi ya dizilo ya silinda imodzi, yofanana ndi ya m'zigayo za kumudzi. Kamakoka ripa, kamabzala, kamakoka ngolo, ndipo mukakaimika n'kulumikiza lamba kamayendetsa makina opukusira chimanga kapena pampu. Apa ndinaima nthawi yaitali, chifukwa makina amene amagwira ntchito miyezi yonse ndi amene amabweza ngongole. Bambo wina wa ku Mumbwa amene tinaima naye anati iye ndalama zambiri amapeza popukusa chimanga cha anthu ndi kunyamula katundu, kulima n'kongowonjezera. Tinakambanso za Hello Tractor, kampani yomwe inayambira ku Nigeria mu 2014: mwini thirakitala amaikapo kachipangizo kosonyeza komwe ili ndi ntchito yomwe yagwira, ndipo alimi amaitanitsa kudzera pafoni, wina atawasonkhanitsa kuti minda ikhale yoyandikana. Nzeru yabwino. Koma mvula yoyamba ikagwa aliyense amafuna thirakitala sabata yomweyo, ndipo foni siichulukitsa mathirakitala. Apa ndinakumbuka mayi a ku Petauke aja ndi kung'amba kwawo kwa m'chilimwe, komwe kumapatsa makina amodzi miyezi ingapo yozungulira mudzi.

Za amayi apampando sindinaiwale. Makina oswera mtedza alipo opukusa ndi manja ndiponso a injini. Chinsinsi chili pa sefa yake: ikakhala yosagwirizana ndi kukula kwa mtedza wanu, imaphwanya maso ambiri, ndipo wosweka sagulidwa bwino, komanso sungakhale mbewu. Ndinaika m'thumba mtedza wa kwathu pang'ono, ndipo ndinawapempha ayese. Unatuluka bwino atasintha sefa. Phindu lina lomwe sitiliwerengera ndi ili: poswa ndi manja anthu amawaza madzi makoko kuti afewe, ndipo chinyezi chimenecho ndi chomwe chimaitana chuku. Poizoni wa chuku ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zinatitsekera misika ya mtedza ya ku Ulaya, ndipo ana athu amamudya m'nsinjiro tsiku ndi tsiku. Palinso Aflasafe, yomwe anakonza a bungwe lofufuza zaulimi la IITA: timbewu ta mapira topakidwa mtundu wa chuku wopanda poizoni, timene mumamwaza m'munda, makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, kuti chuku wabwinoyo alande malo a woipa uja.

Chomaliza lero, chotsika mtengo kuposa zonse, ndi matumba a PICS, amene anachokera ku yunivesite ya Purdue ku America. Kwathu alipo kale m'mashopu a zaulimi, koma ambiri timawadutsa. Ndi matumba atatu m'limodzi, awiri apulasitiki m'kati ndi lasaka kunja, lililonse lomangidwa palokha. Mpweya ukatha m'katimo anankafumbwe amafa okha, popanda Actellic. Chofunika n'choti chimanga chiume bwinobwino, ndipo mbewa zisaboole. Pambali pake ankagulitsa kachipangizo koyezera chinyezi. Kuno bungwe la boma logula chimanga la FRA limafuna chinyezi chisapitirire 12.5 pa 100 aliwonse, ndiye alimi amayamba ayeza asanalipire galimoto. Ife timaluma njere ndi mano, kenako venda n'kutiuza kuti n'chachiwisi, tichotsere mtengo. Kachipangizo kamodzi ka kalabu yonse kangathetse mkangano umenewo pasikelo.

Loweruka, Chisamba

Alamu atsala ku galaji, ndabwera ndekha pa minibasi. Miyendo yakana, ndiye ndangoyenda pang'ono.

Matenti a zamafoni ndi ambiri. Ndinaona pulogalamu ya Nuru, ya PlantVillage, yomwe mumaloza kamera pa tsamba la chinangwa kapena chimanga n'kukuuzani matenda kapena mbozi zomwe zagwira, ngakhale popanda intaneti. Kwathu kuli Ulangizi pa WhatsApp, wa bungwe la Opportunity International, womwe umayankha m'Chichewa, ndipo mukhoza kutumiza mawu kapena chithunzi. Poti alangizi athu ndi mmodzi pa midzi yambirimbiri, ndipo njinga yawo yamoto imakhalira kusowa mafuta, zimenezi n'zothandiza. Koma m'kalabu mwathu mafoni otsegula WhatsApp ndi owerengeka, ndipo ali m'manja mwa abambo ndi anyamata, pomwe amene amaona mbozi poyamba ndi amayi. Komanso foni ikakuuzani dzina la mankhwala, siikupatsani ndalama yogulira.

Ndisanatuluke ndinakhala pansi pa misangu yomwe inabzalidwa m'mizere pamalo a GART pano. A Conservation Farming Unit, omwe anayamba ntchito mu 1996, akhala akulimbikitsa kuibzala motalikirana mamita 10, mitengo 100 pa hekitala. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye suphimba chimanga, ndipo masambawo amasanduka chakudya cha nthaka. Ku Salima ndi ku Bwanje anthu akhala akulima pansi pake kuyambira kale. Umatenga zaka kuti uyambe kubweza, n'chifukwa chake palibe amene ali ndi tenti yougulitsa.

Lamulungu, Lusaka

Titachoka kutchalitchi alamu ananditengera kuseri kwa galaji yawo, komwe kuli mulu wa zinthu zomwe eni ake sanabwerenso kudzatenga: majenereta, mapampu awiri, makina opukusira chimanga. Chilichonse chinafa ndi kanthu kakang'ono kosapezeka m'tauni muno. Ena mwa makinawo anali a mapulojekiti, ogawidwa mwaulere pamwambo wa nyimbo ndi magule.

"Musakagule pano," anatero. "Mukapeze amene akugulitsa mtundu womwewo ku Lilongwe, mukaone ndi maso kuti masipeya ali pashelefu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Achemwali andipakira kapenta ndi chitenge cha amayi. Basi ndi ya mawa mbandakucha.

Lachiwiri, Mitundu

Ndafika dzulo usiku, ndipo m'mawa uno anthu anayamba kufika ndisanasukusule. Anyamata ndawaonetsa kanema wa droni, aonera mobwereza, kenako ndawauza za mabatire ndi chiphaso. Mmodzi wafunsa za sukulu ija, ndamuuza akafufuze masiku olembetsa.

Masana tinapita kudimba ndi chingwe chomangirira mwala, kukayeza zitsime. Pano madzi ali pafupi m'zitsime zonse, koma eni ake akuti mu Okutobala zitatu za kumtunda zimatsika kwambiri, mwina kupitirira pomwe pampu yoyamwa ingafike. Za kumunsi zilibe vuto. Ndiye kale nkhani yasanduka ya malo: a kumtunda akuti ndalama ndi za tonse, a kumunsi akuti si iwo anakumba zitsimezo. Amayi apampando amvetsera zonsezo, kenako ati makina oswera mtedza safuna chitsime.

Msonkhano tauika Loweruka, ndipo tapempha amfumu adzakhalepo chifukwa cha nkhani ya madzi. Lachinayi ndipita ku Lilongwe kukafunsa mitengo ya zonse ziwiri, ndi kuona mashelefu a masipeya monga ananenera alamu. Matumba a PICS okha ndi amene palibe watsutsa, aliyense ati agula ake chimanga chikauma.